Masitepe a ku Valparaíso

Dokotala anaika chithunzi cha mafupa anga pa kuwala
nati, "Mayi Eulalia, taonani apa."
Ndinaona chiuno changa chili zibowo zokhazokha
ngati mkati mwa buledi wa dzulo,
ngati thabwa lofumbwa ndi chiswe.
Ine amene ndinasoka mayunifolomu a amalinyero
kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri
ndinathyoka dzanja popunthwa pa kapeti,
kapeti wanga yemwe, wofiira uja wa pakhonde.

Ndiye ndinangokhala.
Miyezi inayi ya chisanu ndili pampando,
kuyang'ana sitima zikulowa padoko,
kuopa kuyetsemula,
kuopa ngakhale Maite, mdzukulu wanga, akathamangira kudzandikumbatira.
Mantha ndi chiswe chachiwiri,
amadya mwakachetechete kuposa choyamba.

Ximena anabwera Lachiwiri lina
atapinda lamba wa mphira wachikasu m'thumba la jekete.
Sanandinyengerere.
"Fupa lili ngati mnansi waulesi," anatero,
"mukaleka kuligogodera pakhomo, limagona osadzukanso."
Anakulunga kapeti uja, nam'ponya pamwamba pa kabati.

Tinayambira pampando womwewo.
Imirirani. Khalani. Imiriraninso,
msana uli chilili ngati singano.
Kachisanu miyendo inayamba kunjenjemera,
ndinatukwana mawu amene ndinawaphunzira kwa amalinyero,
iye anangoseka nkuwerenga, "Kasanu ndi kamodzi."

Anandiletsa zinthu zimene ndinkaziyesa zabwino:
kuwerama kuti ndigwire zala zakumapazi,
kupotokola msana mwadzidzidzi wina akandiitana kumbuyo,
kudumpha.
Supuni ikagwa, ndipinde mawondo, osati msana.
Thumba la mbatata ndiligawe pawiri,
ndilifungatire pachifuwa ngati khanda.

Tsopano m'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire,
ndimagwira m'mphepete mwa sinki
nkuimirira ndi mwendo umodzi
ngati mbalame zoyera za pa zitsulo za padoko.
Ndimakoka lamba wachikasu mpaka mapewa atenthe.
Masana ndimadya tinsomba ta m'chitini ndi minga yake yomwe,
nkukhala padzuwa pang'ono, manja a malaya nditawapinda.

Kuchokera pakhomo panga kutsikira kwa Baldomero wogulitsa buledi
pali masitepe makumi asanu ndi limodzi kudza anayi.
Ndinawawerenga koyamba ndili mtsikana wa nsapato zazitali,
osadziwa kuti tsiku lina adzakhala mankhwala.
Sabata yoyamba ndinatsika khumi, nkubwerera.
Dzanja pa chogwirira chachitsulo,
phazi lonse pa sitepe, osati zala zokha,
maso patsogolo, asatengeke ndi nyanja.
Kukagwa mvula sinditsika, miyala imaterera,
ndimayenda m'khonde uku ndi uku, mphaka akundidabwa.

Baldomero amati, "Kwerani chikepe, mayi, chilipo bwanji?"
Ndimayankha kuti chikepecho ndi chachikulu kwa ine,
nacho chimalira m'mawondo.

Usiku wa Loweruka nthaka inagwedezeka,
monga ichitira kuno osapempha chilolezo.
Makapu analira m'kabati, nyali inavina.
Ndinali chiimirire pakati pa chipinda.
Mawondo anapindika okha pang'ono, mapazi anatalikirana,
dzanja linapeza tebulo mutu usanaganize.
Sindinagwe.
Chivomezi chitadutsa ndinakhala pampando uja
nkulira, kenako nkuseka,
kenako nkuimirira osagwira kanthu.

Sindinama, zibowo zija zikadalipo.
Piritsi la mlungu ndi mlungu ndimamwabe,
ndipo masiku ena msana umakana, ndimaumvera.
Koma dzulo Maite anandithamangira pa sitepe ya makumi anayi,
chikwama cha sukulu chikugunda kumsana kwake.
Ndinati, "Pang'onopang'ono, mwana iwe,"
dzanja limodzi lili pa chitsulo,
linalo nditalitambasula kale.